Mkuwa Umene Ndinaukana

Ana anga, mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene ndinabwerera kuno ku Biriwiri mwakachetechete, popanda phwando lotsanzikana, popanda ngakhale wotchi ya pakhoma imene anzanga ankalandira popuma ntchito. Mayi anu akudziwa, koma anandilonjeza kuti sadzanena ine ndili moyo, ndipo ndatopa nako kuwasenzetsa katundu wanga. Ndilemba ndekha, pang'onopang'ono, chifukwa zala izi asidi anazidya kalekale ndipo cholembera chimandipulumuka. Za ubwana wanga sindilembapo, mulibe chachilendo. Ndinaweta ng'ombe za amalume, ndinalephera mayeso a Folomu 2, ndinakwera basi.

Limbe, ntchito yoyamba

Ndinayambira m'kashedi kena ku Limbe kumene tinkakuta zitsulo. Anthu ankabweretsa mahandulo a njinga, mabampala a galimoto, zikho za mgonero za m'matchalitchi, ife n'kuzimiza m'thanki ya madzi a asidi, n'kulumikiza magetsi, mkuwa n'kumamatirira pamwamba pake pang'onopang'ono mpaka chinthu chiwale ngati cha m'sitolo. Amene anandiphunzitsa anali a Jailosi, mkulu wa ku Mulanje wosatha kulemba dzina lake, wolusa ngati mavu. Sankafotokoza kanthu. Ukalakwitsa ankangokulanda waya n'kukuonetsa, kwinaku akutukwana mtundu wako wonse. Chimodzi chokha ndicho ankanena ndi pakamwa: magetsi akachuluka mkuwa umapsa, umada n'kumayoyoka ngati mwaye, ndiye ukaona choncho uzigunditsa waya n'kuchotsa, kugunditsa n'kuchotsa, kuti mkuwa uzipuma. Ndinakhala nawo zaka zisanu ndi zinayi. Ndinatulukamo ndi chifuwa chimene mumachimva m'mawa uliwonsechi, ndi manja odziwa ntchito, koma pepala ndinalibe ngakhale limodzi.

Pa koleji, zaka za kusowa

Kenako ndinalowa pa koleji ina, mu labu ya zazitsulo, ngati wotsuka mabotolo. Aphunzitsi ataona kuti thanki ndimaidziwa kuposa ophunzira awo, anandikweza kukhala wothandiza m'labu, ndipo pamenepo ndinaimapo zaka zoposa makumi awiri osasunthanso. Mabwana ndinaona ambiri, koma wa m'nkhani ino ndi a Dokotala Mlamba. Anali munthu wophunzira zedi, wosaba, wosamwa, koma wouma pa malamulo. Anaphunzira kunja ndipo ankafuna labu yathu iziyenda ngati ya kumeneko, pamene ife madzi osungunulira mankhwala tinkachita kutchera a mvula m'migolo, magolovesi tinkachapa n'kuyanika pa zenera, jenereta inali ya dzina lokha poti dizilo kunalibe. Nyimbo yawo inali imodzi: "Kuno si ku galaja, a Nkhoma. Chimene sichili m'buku musachichite." Mnzanga wina, bambo wa ana asanu, anamuchotsa ntchito ife tikuona chifukwa chowotcha sikelo ya magetsi. Kuyambira pamenepo ndinadziwa kuti luso la kwa a Jailosi ndi lobisa, ngati chigamba cha m'kati mwa jekete.

Malo anga anali chipinda cha asidi, kumapeto kwa khonde. Chifukwa cha fungo lotsamwitsa, ophunzira sankakonda kulowamo. Ankandisiyira malangizo papepala, ine n'kupanga zimene akufunazo, n'kulemba m'buku la labu tsiku, mankhwala, ndi mphamvu ya magetsi imene ndagwiritsa, n'kusainira. Bukulo ndilo linali mboni ya ntchito yonse. Palibe amene ankakayikira siginecha yanga, ndipo ndinkanyada nazo.

Chaka chimene makina anapsa

Chaka chimenecho kunabwera mtsikana wochita digiri yachiwiri, dzina lake Tadala. Nditamva kuti kwawo ndi ku Sharpevale, mwana wa alimi a mpunga, ndinasiya dzinalo n'kumamuitana ndi mfunda wake, Nangozo, monga timachitira kwathu kuno. Iye ankapinda maondo popereka moni, zimene ophunzira a masiku ano anaiwala, ndipo ena ankamuseka nazo. Anali woyamba m'banja mwawo kufika pa koleji.

Ntchito yake inali ya timapepala ta mkuwa topyapyala kuposa khungu la anyezi, tonga timene timayendetsa magetsi m'kati mwa mafoni. Anandifotokozera kuti vuto lake n'lakuti mkuwa wofewa umatanuka n'kuduka, pamene ukaulimbitsa umasanduka wothyoka ndipo magetsi amadutsamo movutikira. Iye anali ndi ganizo loti akathira utomoni wa mtengo wa mthethe m'thanki, mkuwa ukhoza kulimba osawonongeka. Utomoniwo ankatola yekha kwawo, kumabwera nawo m'mabotolo a mayonezi. Tinagawa ntchito pawiri. Miyezi yoyamba ndinamupangira timapepala topanda utomoni, ndi makina athu a boma aja amene ankapereka magetsi oyenda mofanana osadukiza, monga buku linkanenera. Iye ankatimatula pa chitsulo, kutidula timizere, n'kukatikoka pa makina ena mpaka tiduke, n'kulemba pamene singano yaima. Ta utomoni tinayenera kuyamba m'chilimwe.

Chilimwe chimenecho magetsi ankazima kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Lachisanu lina masana ndinalandira uthenga woti msuweni wanga wamwalira kuno, ndinangovala jekete n'kuthamangira basi, makina a magetsi aja osawazula kukhoma. Lamulo lowazula linali lolembedwa pa chitseko ndi zilembo zofiira, ndipo analemba ndine ndemwe. Magetsi atabwera, anabwera ndi ukali. Lolemba m'mawa ndisanatsegule n'komwe chitseko ndinamva fungo la waya wopsa. Makinawo anali amodzi okha pa koleji yonse. Ndinaganiza za mnzanga wa sikelo uja, ndinaganiza za inu, awiri muli ku sekondale, ndipo ndinawavundikira ndi nsalu yawo n'kukhala chete.

Koma Nangozo ankayembekeza timapepala take. Kuseri kwa labu kunali lole ya koleji imene inakhala pa miyala zaka zambiri, koma woyendetsa ankasunga batire yake yabwino. Ndinabwereka, ndinati ndikufuna kuyatsira getsi m'chipinda changa. Nditalumikiza ku thanki mkuwa unapsa, poti batire ilibe ulemu, imangokhuthula mphamvu yonse. Ndinaika mababu pakati kuti ndiichepetse, koma unkadabe. Apo manja anakumbuka okha za a Jailosi, kugunditsa n'kuchotsa, kugunditsa n'kuchotsa, ndipo mkuwa unayamba kutuluka woyera bwino. Koma kapepala kamodzi kankatenga maola, ndipo phewa linatupa. Loweruka lotsatira nditabwera kudzapepesa pa maliro paja, ndinatsikira pa Lizulu, ndinawoloka msewu kupita mbali ya Mozambiki kwa makaniko wina, n'kugula fulasha ya lole, kachitini kamene kamachititsa kuti indiketa iziyaka n'kuzima. Ndinakatsegula, ndinapinda kachitsulo ka m'kati mwake mongoyesa, mpaka kanayamba kuyatsa kanthawi kochepetsetsa n'kupuma nthawi yaitali. Ndi kachitini kameneko ndinapanga timapepala tonse ta utomoni, chitseko nditakhoma. M'buku ndinkalemba kuti makina a boma, magetsi osadukiza, n'kusainira.

Tsiku loyamba kukoka timapepala tatsopanoto, Nangozo anabwera akuthamanga kudzanditenga kuti ndikaone. Singano inadutsa pamene inkaima kale, inapitirira, inapitirirabe, ndipo kapepalako m'malo mothyoka kankangotanuka pang'onopang'ono. Anayesa kena, chimodzimodzi. Anaganiza kuti makina okokerawo awonongeka, anayesanso kakale, singano inaima pakale pomwe. Mwana uja analira. Anati utomoni wa kwawo wagwira ntchito, ndipo ine ndinavomera naye, mwinanso ndinakhulupirira pang'ono, chifukwa munthu ukafuna mtendere umakhulupirira chilichonse. A Dokotala Mlamba anandigwira chanza koyamba chilowereni ntchito. Makina opsa aja ndinakawakonzetsa mobisa kwa wokonza mawailesi ku Ndirande, n'kuwabwezera pa shelefu ngati sanachokepo.

Nthawi yokolola itafika, bambo ake a Nangozo anakwera basi kuchokera ku Sharpevale ndi thumba la mpunga mpaka pakhomo panga m'tauni. Anavula chipewa, anakhala pansi pa simenti ngakhale ndinawapatsa mpando, ndipo anati mwana wawo wawauza kuti ali ndi bambo wina ku koleji. Mpunga umenewo munadya nonse pa Khrisimasi.

Chaka chotsatira, zithunzi zochokera kunja

A Dokotala anatumiza timapepala tingapo kwa pulofesa wina wa kunja amene anali ndi makina oonera tinthu tosaoneka ndi maikulosikopu wamba. Zithunzi zitabwera, Nangozo anandikhazika pansi n'kundionetsa pa kompyuta. Ine ndinangoona mizere yakuda ndi yoyera yothithikana ngati nsalu ya matiresi. Iye anandiuza kuti chitsulo chilichonse ndi timbewu tating'onoting'ono tomatirana, ndipo m'kati mwa kambewu kalikonse maatomu amaima m'mizere. Chitsulo chikamakokedwa mizereyo imaterereka pamwamba pa inzake, ndiko kupindika ndi kutanuka kumene timaona. Tsono mu mkuwa wathuwo mizere ikayenda pang'ono inkatembenuka, mbali iyi kufanana ndendende ndi mbali iyo monga munthu ndi nkhope yake pa galasi. Mbali ziwirizo amazitcha mapasa, ndipo kutererekako kukafika pa malire a mapasa kumaima.

Ndinamufunsa ngati zili ngati timizere totseka timene timaika m'ngalande za kachewere pa mtsetse kuti madzi asathawe ndi dothi. Anaseka, anati ndi zomwezo, kungoti malire amenewa satsekeratu. Akapanikizika kwambiri amalola pang'ono, n'chifukwa chake mkuwawo umalimba koma suthyoka msanga, ndipo magetsi amadutsamo bwinobwino. Mapasa akayandikana mkuwa umalimbirako, koma akathithikana mopitirira umayambanso kufewa. Anati kuchoka pa mzere umodzi kufika pa unzake ndi ngati tsitsi limodzi mutaling'amba kachikwi. Ndinayang'ana manja anga akudawa, ndipo ndikuuzani zoona, ndinamva kunyada kumene sindinakumvepo chibadwire, pamodzi ndi mantha. M'timapepala toyamba tija munalibe mapasa otere. Ndinadziwa mumtima kuti si utomoni wokha umene unasintha pakati pa toyamba ndi tachiwiri.

Pulofesa uja anamuitana Nangozo kuti apite miyezi ingapo akapange mkuwa womwewo m'labu yawo, ndipo zikatheka apitirize mpaka udokotala. Koleji yonse inasangalala. Apa ndi pamene ndikanayankhula, ndipo kawiri konse ndinafika pa chitseko cha a Dokotala n'kubwerera. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ndinkaganiza kuti ndikanena, aliyense amva kuti zithunzi zokongolazo zinachokera ku batire yobwereka ndi kachitini ka pa Lizulu, ayamba kumuseka mwana uja kuti digiri yake ndi ya ku galaja, ine n'kundichotsa ntchito. Sabata imene anakwera ndege ndinatenga fulasha ija n'kukaiponya m'chimbudzi cha kuseri kwa nyumba za antchito.

Patapita miyezi iwiri Nangozo anandiimbira foni masana, ndikudya chimanga chootcha pansi pa mtengo. Mawu ake anali otopa. Anati wayesa kambirimbiri, utomoni womwewo, mankhwala omwewo, magetsi omwewo a m'buku, koma mkuwa ukutuluka wofewa wopanda mapasa.

"A Nkhoma, kuno akundifunsa ngati magetsi athu ankadukaduka pokuta. Akuti mapasa otere amakonda kubwera magetsi akamayaka n'kuzima. Ine ndawauza kuti ayi, buku lilipo. Koma ndati ndifunse inu, poti munalipo ndinu."

Anandipatsa yekha khomo lotulukira, lotsegula. Mawu amodzi okha akanakwana.

"Ayi, Nangozo," ndinatero. "Zonse zinali monga mwa buku."

Anandithokoza, anati amadziwa kale, amangofuna kukhazika mtima pansi. Chimanga chija ndinapatsa galu.

Miyezi isanu ndi itatu ndisanapume

Nangozo anabwerera nthawi yake isanakwane, ataonda mpaka wotchi ikuterereka pa mkono. Pulofesa uja analembera a Dokotala kalata yaulemu koma yobaya, yoti timapepala ta utomoni tija sitingakhale titapangidwa m'njira imene yalembedwa, ndiye pafufuzidwe kumene tinachokera. Pa koleji nkhani imathamanga kuposa moto wa m'tchire. Ena ankati anatigula pa intaneti, ena ankati anapatsidwa ndi chibwenzi cha kunja. Omwe aja ankamuseka pogwada anayamba kunena kuti ulemu wambiri umabisa zambiri. Anakhazikitsa komiti yoti iweruze ngati ananama, ndipo akapezeka wolakwa achotsedwe, dzina lake litumizidwe ku makoleji ena onse. Ine sanandiitane n'komwe. Buku langa analiwerenga, analipeza loyera, ndipo wina wa m'komitiyo anandiyamikira pa khonde chifukwa cholemba mwaudongo. Amati nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu, koma kwa ife zinatembenuka, ndinadya ndine n'kupota mwana.

Masiku amenewo Nangozo ankabwerabe m'chipinda cha asidi, kukhala pa kampando, poti ndi malo okhawo amene anthu sankamuyang'ana. Tsiku lina anandifunsa ngati n'kutheka kuti anasokoneza mabotolo iye mwini osadziwa. Anayamba kudzikayikira yekha. Ine ndinkangotsuka beseni loyera kale.

Kunatsala miyezi isanu ndi itatu kuti ndipume ndi ulemu wanga wonse ndi penshoni yanga yonse. Loweruka lisanafike tsiku la komiti ndinabwera kuno, ndinawapeza mayi anu akukumba kachewere ku munda wa kumtunda uja. Ndinakhala pa mzere n'kuwauza zonse, kuyambira pa maliro a msuweni mpaka pa chimbudzi. Sanasiye kukumba. Ndinawauza kuti ndikayankhula tikhoza kutaya zonse, nyumba iyi sitidzaimaliza, ndipo mwina mwana uja komiti imumvera chisoni ngakhale ine nditakhala chete. Ndinayankhula nthawi yaitali, ngati loya. Atafika kumapeto kwa mzere anaimika khasu.

"Bambo a Chikondi, mwabwera kudzandifunsa kapena mwabwera kuti ndikuthandizeni kubisa? Ngati n'kubisa, ine munda wandikwanira. Mpunga wa bambo ake uja ndinaphika ndine."

Anatola dengu n'kutsika, kundisiya pomwepo. Sindingakunamizeni kuti ndinalimba mtima nthawi yomweyo. M'basi yobwerera ndinasintha maganizo mwina kasanu, ndipo pa Balaka ndinali nditatsimikiza zokhala chete. Chimene chinandigonjetsa si kulimba mtima koma kutopa. Ndinali nditatopa ndi kutsuka mabeseni oyera.

Lolemba ndinavala suti yanga ya kumaliro n'kugogoda pa chitseko cha komiti osaitanidwa. Anali anthu asanu kuseri kwa tebulo, a Dokotala Mlamba pambali, Nangozo yekha pa mpando wa pakati. Chingerezi chonse chinandithawa, ndinapempha kuyankhula Chichewa. Ndinanena za makina opsa, za batire, za fulasha, za buku, ndi za foni ija. Pa za foni ndinayang'ana pansi, ndipo mpaka ndinamaliza sindinayang'ane kumene iye anakhala. A Dokotala anavula magalasi n'kundifunsa kumene kuli fulashayo. Ndinawauza. Anandifunsa kuti inkayaka nthawi yotalika bwanji ndi kupuma nthawi yotalika bwanji, ndipo mphamvu yake inali yotani. Sindinadziwe. Ndinkangomva ndi khutu kuti kugunda kwake kwafika pabwino, monga a Jailosi, ndipo sindinayeze ngakhale kamodzi chifukwa munthu sayeza chinthu chimene akubisa. A Dokotala anati mwakachetechete, "Mukanandiuza, a Nkhoma." Pakamwa panga panabwera mawu oti munkati kuno si ku galaja ndinu, koma ndinawameza, poti amene ananama pa foni si iwo.

Komiti inamuyeretsa Nangozo pa mlandu wa bodza. Koma ntchito yake yonse inagwa, chifukwa palibe amene akanatha kusiyanitsa zimene unachita utomoni ndi zimene inachita fulasha, ndipo njira yopangira mkuwa uja inali pansi pa chimbudzi. Ndinamva kuti anagula mafulasha ena n'kuyesa yekha miyezi ingapo, koma ine anali atandiletsa kale kuponda m'labu, ndipo nthawi imene omulipirira sukulu anamupatsa inatha. Malo a kunja aja anapatsa wina. Ine anandiuza kuti ndipume sabata yomweyo. Penshoni sanandilande yonse, ndipo ndinadzamva pambuyo pake kuti anandichonderera ndi a Dokotala Mlamba omwewo, munthu amene ndinamuopa zaka zonsezo. Ndinanyamula jekete ndi kapu yanga n'kutuluka pa geti masana, mlonda akuganiza kuti ndikupita kukadya.

Lizulu, chaka chatha

Zaka zisanu ndi chimodzi zinadutsa osamuona Nangozo. Ndinalemba makalata awiri koma sindinatumize. Chaka chatha, tsiku la msika, ndinaperekeza mayi anu pa Lizulu kukagulitsa kachewere, ine nditangokhala pa thumba poti miyendo inali itatupa. Minibasi yochokera ku Dedza inaima kuti anthu agule ndiwo, ndipo ndinaona mayi wina wa chikwama cha mabuku akubwera molunjika kwa ife. Ndinamuzindikira pa kayendedwe. Ndikanakhala ndi miyendo ndikanathawa.

Anapinda maondo monga kale, anapereka moni kwa mayi anu, kenako kwa ine, anafunsa za chifuwa changa. Anati akuchokera kochonga mayeso, tsopano ndi mphunzitsi wa sayansi pa sekondale ina ya masana kufupi ndi kwawo, anakwatiwa, ali ndi ana awiri, ndipo bambo ake a mpunga aja anamwalira. Ndinafuna andikalipire pamaso pa msika wonse, zikanandipepukira. Ndinayamba kupepesa, mawu akugundana, za makina amene ndinasiya kukhoma, za batire, za kachitini kopusa kaja. Anandidula mwaulemu.

"Za makina ndi za batire sindinakukwiyirenipo ngakhale tsiku limodzi. Mkuwa uja unali wabwino, a Nkhoma, sindinagwirenso wina wonga uja. Pulofesa uja atamva anandilembera kuti iwo amaupanga ndi makina odula kuposa nyumba, ndipo akanadziwa kuti wina waupanga ndi fulasha ya lole akanakwera ndege kudzakuonani. Tikanalemba tonse awiri, dzina lanu ndi langa." Anakonza chikwama paphewa. "Chimene chimandiwawa ndi foni ija. Ndinakufunsani ngati bambo anga."

Kondakitala anamenya chitseko cha minibasi, iye anatsanzika n'kukakwera, mayi anu akumuthamangira ndi ndowa ya kachewere imene anailandira ndi manja awiri.

Ndi zimenezo, ana anga. Mukamauza anzanu kuti bambo athu anaulula okha pamaso pa komiti, muzinenanso kuti anaulula mochedwa ndi chaka chathunthu. Mtsikana uja ndi msinkhu wako, Chikondi. Akanakhala dokotala wa zazitsulo. Lero amaphunzitsa ana a Folomu 1 kuyeza tebulo ndi lula, m'kalasi yopanda magetsi, ndipo amene anamuika m'menemo ndi bambo anu.